Funsani Alangizi: Ndikufuna kuchoka ku zaulimi n'kulowa m'banki, kodi ndisankhe sukulu iti ya bizinesi?

FUNSO

Alangizi,

Ndine bambo wa zaka 33, wapabanja, ndipo tili ndi ana awiri. Ndinachita digiri ya zaulimi ku Bunda ndipo ndinakhoza ndi credit. Kwa zaka 9 ndakhala ndikugwira ntchito m'mapulojekiti a mabungwe omwe si aboma ku Kasungu ndi ku Mchinji, kuphunzitsa alimi a soya ndi mtedza komanso kukhazikitsa magulu a banki m'khonde ndi makoparetivu. Chichepereni thandizo lochokera kunja mu 2025, anzanga ambiri ntchito inawathera, ndipo ine kontirakiti yanga ikutha pakapita miyezi 7. Ndatopa ndi moyo wodikira kalata ya opereka thandizo chaka ndi chaka, choncho ndikufuna kulowa m'banki kapena m'kampani yaikulu.

Anzanga akuti ndichite MBA, digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi. Sukulu zimene ndalemba pa pepala langa ndi Harvard, Stanford, INSEAD, Oxford, Cape Town, ESAMI ndi MUBAS. Nditayesa mayeso oyeserera a GMAT, mayeso olowera m'sukulu zambiri za bizinesi, ndinapeza 555. Ndalama zonse zimene ndingakhale nazo, kuphatikizapo zimene ndidzalandire pomaliza kontirakiti, ndi K14 miliyoni. Kodi mwayi wanga woti anditenge m'sukulu zimenezi ndi wotani, nanga ndiyambire iti?

Wa zaulimi, Kasungu

YANKHO

Bambo a ku Kasungu,

Zikomo kwambiri chifukwa cholemba mosabisa kanthu, pakuti kalata yotere ndi imene munthu angayankhe moona mtima. Mwandipatsa mayina a sukulu 7, koma dzina la ntchito imene mukufuna simunandipatse, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tiyambire. Mawu oti "m'banki kapena m'kampani yaikulu" akutchula malo, sakutchula ntchito. M'banki imodzi muli woyang'anira nthambi, muli wofufuza ngati wopempha ngongole angathe kubweza, muli wogula ndi kugulitsa ndalama zakunja, muli woona kuti malamulo a Reserve Bank akutsatidwa, ndipo aliyense wa amenewa analowera khomo lakelake. Sukulu yabwino kwa inu ndi imene ili pafupi ndi khomo limene mukufuna kulowera, ndipo simungaizindikire musanalitchule khomolo. Funso lomwelo ndi limene sukulu iliyonse imene mwalemba idzakufunsani, kaya m'kalata yofunsira malo kaya pa intavyu, ndipo amene amayankha mozungulirazungulira ndi amene amabwezedwa msanga, ngakhale malikisi awo atakhala okwera.

Munthu posintha ntchito amatha kusintha zinthu zitatu: zimene amachita tsiku ndi tsiku, mtundu wa bungwe limene akugwirako, ndi dziko limene akugwiriramo. Kusintha chimodzi n'kosavuta, kusintha ziwiri n'kotheka, koma kusintha zonse zitatu nthawi imodzi kumavuta ngakhale kwa amene atuluka m'sukulu zotchuka, chifukwa wolemba ntchito amakhala alibe chilichonse cha m'mbuyo mwanu choti agwirepo. Inu mukufuna kale kusintha ziwiri, kuchoka kubungwe lothandiza anthu kupita kumalo ofuna phindu, komanso kuchoka pa kuphunzitsa alimi kupita pa kuyendetsa ndalama. Langizo langa n'loti ulimi musautaye. Ntchito imene ndikuiona ikukuyenerani ndi ya ngongole za ulimi, kapena yogulira mbewu makampani opanga mafuta ophikira ndi zakudya za ziweto. Mabanki athu amachita mantha kubwereketsa alimi, chifukwa ambiri alibe chikole, amadalira mvula, ndipo ena akakolola amagulitsa mbewu kwa mavenda m'malo mwa amene anagwirizana naye. Munthu amene amadziwa kusiyanitsa koparetivu yosunga mabuku moona ndi koparetivu yongokhalapo pa pepala ndi wosowa m'mabankimo, ndipo inu luso limeneli mwalipeza pa zaka 9 za fumbi ndi matope.

Ine ndinakhalapo pa mkeka tsiku limene gulu lina la banki m'khonde linkagawana ndalama kumapeto kwa chaka. Bokosi lachitsulo linali ndi maloko atatu, makiyi ake ali ndi amayi atatu osiyana, ndipo wosunga bokosilo analibe kiyi ngakhale imodzi. Mlembi ankawerenga masheya a munthu aliyense mokweza kuchokera m'kabuku kodinda zidindo, owerenga ndalama awiri n'kumabwereza chiwerengero pamaso pa onse, ndipo mayi wina amene anachedwa kubweza anadulidwa chindapusa gulu lonse likuona. Zimene ndinaona pa mkekapo ndi zimene mabuku a sukulu za bizinesi amafotokoza m'masamba ambirimbiri: kugawa mphamvu kuti munthu mmodzi asakhale ndi zonse, kuchita zinthu poyera, ndi kudziwa khalidwe la wobwereka. Inu mwakhazikitsa magulu otere ambiri. Musaganize kuti mukubwera chimanjamanja.

Tsopano tione sukulu zanu, kuyambira zakutali. Harvard ndi Stanford zimaphunzitsa MBA ya zaka ziwiri, ndipo mphamvu yake kwa wosintha ntchito ili pa tchuthi cha pakati pa chaka choyamba ndi chachiwiri, pamene wophunzira amakagwira internship, kutanthauza ntchito yophunzirirapo, ya milungu pafupifupi 10 m'kampani ya mtundu umene akufuna kulowa. Akagwira bwino, kampaniyo imamulonjeza ntchito asanamalize n'komwe sukulu. Palibe njira ina yosinthira ntchito yoposa imeneyi, koma ndikuuzeni chilungamo kuti kwa inu mwayi wake ndi wochepa. Ku Stanford, mwa anthu 100 ofunsira malo, amene amatengedwa sakwana 10, ndipo ku Harvard amangopitirira 10 pang'ono. Ambiri mwa ophunzira ake amakhala atagwira ntchito zaka pafupifupi 5, pamene inu mwagwira 9, ndiye sukuluzi zidzafuna kudziwa chifukwa chimene mwabwerera tsopano osati kale. Thandizo lalikulu la ku Stanford lotchedwa Knight-Hennessy limafuna amene anamaliza digiri yoyamba m'zaka 7 zapitazi, choncho lakudutsani. Harvard imathandiza ophunzira molingana ndi kusowa kwawo, koma zonse pamodzi, fizi, malo ogona ndi chakudya, zimaposa madola 100,000 pa chaka. Pamwamba pa izi, malamulo a visa ya ku America akhala akukhwimitsidwa kwa Amalawi kuyambira mu 2025, moti musanalipire ndi tambala yomwe yofunsira malo, muyambe mwafunsa ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe ngati visa ya wophunzira ikuperekedwa.

Ku Ulaya zinthu n'zosiyana pang'ono, ndipo msinkhu wanu sungadabwitse munthu kumeneko, chifukwa m'makalasi mwake mumakhala ambiri amene anadutsa zaka 30. INSEAD, imene ili ku Fontainebleau m'dziko la France komanso ku Singapore, imamaliza MBA m'miyezi 10 ndipo imatenga ophunzira kawiri pa chaka. Mfundo imene ambiri saidziwa ndi yoti amene amayamba mu Januwale ndi amene amakhala ndi tchuthi chokwanira kuchita internship, pamene oyamba chakumapeto kwa Ogasiti amangophunzira mosalekeza mpaka kumaliza, choncho wosintha ntchito ayenera kufunsira gulu la Januwale. Fizi yake ili cha m'ma euro 100,000. Sukulu ya Saïd ku Oxford imaphunzitsa chaka chimodzi, yakhala ikuyesetsa kukopa ophunzira ochokera ku Africa, ndipo ili ndi thandizo la Skoll la anthu amene agwira ntchito yosintha miyoyo ya anthu kudzera m'njira za bizinesi. Mwa sukulu zinayi zakutali zimene mwalemba, iyi ndi imene mbiri yanu ingamveke bwino kwambiri.

Apa ndichenjeze za Chevening, pakuti Amalawi ambiri amaidalira osawerenga malamulo ake. Thandizoli ndi la boma la Britain, limafuna munthu amene wagwira ntchito zaka zosachepera ziwiri, limatsegulidwa mu Ogasiti, ndipo wolandira amayenera kubwerera kwawo kwa zaka ziwiri akamaliza. Pa maphunziro ena limalipira fizi yonse, koma pa MBA limalekeza pa mapaundi 22,000, pamene fizi ya MBA ya ku Oxford inaposa kale mapaundi 75,000. Mpata wotsalawo ndi waukulu kuposa ndalama zimene Mmalawi wolandira malipiro wamba angasunge m'zaka zambiri. Thandizo la Commonwealth nalo silipereka ndalama za MBA. Komanso kuyambira mu Januwale 2024, wophunzira digiri yachiwiri ya m'kalasi ku Britain saloledwa kutenga mkazi ndi ana, kupatula amene akulipiriridwa ndi boma, ndiye nkhani imeneyi mukambirane bwino ndi amayi kunyumba isanafike patali. Koma pali khomo lina pomwepa limene mungaliganizire: digiri yachiwiri ya chaka chimodzi ya zachuma cha ulimi kapena ya kayendetsedwe ka ndalama zachitukuko, imene Chevening ingalipire yonse, ingathe kukufikitsani pa desiki ya ngongole za ulimi mofanana ndi MBA.

South Africa ndi imene ndikufuna muiganizire mofatsa, chifukwa ili pakatikati pa mtengo ndi mbiri. Graduate School of Business ya University of Cape Town ndi Stellenbosch Business School zili ndi zivomerezo zonse zitatu zimene dziko lapansi limayang'ana, zomwe ndi AACSB ya ku America, EQUIS ya ku Ulaya ndi AMBA ya ku London. Ku Johannesburg kuli GIBS ya University of Pretoria ndi Wits Business School, zimene zili pafupi ndi malikulu a mabanki ndi makampani ambiri amene ali ndi nthambi kuno kwathu, ndipo kuyandikana kumeneku ndi chuma kwa munthu wofuna kudzagwira ntchito m'chigawo chino. Ku Cape Town kuli MBA ya chaka chimodzi yokhala komweko, komanso ya zaka ziwiri yopita kukaphunzira milungu ingapo n'kubwerera ku ntchito. Chimene chimakhumudwitsa Amalawi ambiri ndi lamulo lolowera. Kuyambira mu 2016, MBA ya ku South Africa imafuna kuti munthu akhale ndi digiri ya honours kapena postgraduate diploma, zimene iwo amaziika pa mlingo 8, ndipo amene amagamula mlingo wa digiri yochokera kunja ndi bungwe la SAQA. Tumizani mapepala anu a ku Bunda ku SAQA mwezi uno womwe, chifukwa yankho limatenga nthawi, ndipo akaika digiri yanu pa mlingo 7 mudzayenera kuyamba ndi dipuloma ya chaka chimodzi, zimene zimasintha bajeti yonse. Sukulu zambiri za kumeneko zimalandiranso mayeso a NMAT kapena mayeso awoawo m'malo mwa GMAT. Mapepala anu akadutsa ku SAQA, ndikuona kuti mwayi wanu m'sukulu zimenezi ndi weniweni. Pa mndandanda wanu muwonjezereponso Strathmore Business School ya ku Nairobi, imene ili ndi digiri yachiwiri yoona za bizinesi ya ulimi mwachindunji.

Kwathu kuno mwatchula MUBAS, imene kale inali Polytechnic isanaime payokha mu 2021, ndi ESAMI, imene likulu lake lili ku Arusha m'dziko la Tanzania koma imaphunzitsa konkuno. M'malo awiriwa sindikukayika kuti angakutengeni, ndipo fizi yake ili pa mlingo umene munthu wapantchito angaulimbe pang'onopang'ono. Koma mumvetse chimene mukugula. MBA yamadzulo kapena ya kumapeto kwa sabata inapangidwira anthu amene ali kale pa ntchito ndipo akufuna kukwezedwa, mulibe internship, ndipo palibe makampani obwera kudzasankha ophunzira pamapeto pake. Imene imasintha moyo wa munthu m'kalasi yotere ndi mipando yoyandikana nayo. Amene mudzakhale nawo m'gulu lokambirana kwa zaka ziwiri ndi mamanejala a mabanki, a makampani a inshulansi ndi a mafoni, ndipo akaona ndi maso awo kuti mumafika mutawerenga, mumadziwa masamu, ndipo mumasunga nthawi, ndi iwowo amene adzakuuzeni mpata ukatseguka n'kukuperekerani umboni. Msika wa ntchito wa ku Malawi ndi waung'ono, anthu amadziwana, ndipo pa ntchito ya m'banki ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kalasi ya konkuno nthawi zina imatsegula khomo msanga kuposa satifiketi yochokera kutsidya la nyanja imene wolemba ntchito sakudziwa aliyense amene anaphunzirako.

Tibwere ku GMAT yanu. Mayesowa anasintha kumapeto kwa 2023, ndipo tsopano ali ndi zigawo zitatu za mphindi 45 chilichonse, za masamu, za kumvetsa zolembedwa, ndi za kutanthauzira ziwerengero ndi matebulo, ndipo malikisi amayambira pa 205 kulekeza pa 805. Mukamawerenga ziwerengero za sukulu musasokonezeke ndi sikelo yakale, chifukwa 645 ya lero ikufanana ndi 700 yakale. Malikisi anu a 555 ali cha pakati pa onse olemba mayesowa, pamene sukulu zinayi zakutali zija ophunzira ake ambiri amakhala ndi malikisi ofanana ndi 680 mpaka 740 pa sikelo yakale. Mtunda ulipo, koma kwa munthu amene wayesa kamodzi asanakonzekere, 555 si chigamulo. Miyezi itatu kapena inayi yowerenga ola limodzi ndi theka tsiku lililonse, m'mamawa ana asanadzuke, imasintha zambiri, makamaka mukamalemba m'kope funso lililonse limene mwalakwa ndi chifukwa chimene mwalakwira. Eni mayesowa amapereka mayeso oyeserera awiri aulere pa mba.com, malikisi amagwira ntchito zaka 5, ndipo mungalembe kasanu pa miyezi 12, ngakhale ulendo uliwonse umadya madola oposa 250. Mukasankha kulembera kunyumba pa intaneti, mupeze malo amene magetsi ndi netiweki sizingakudukireni pakati pa mayeso. Kwa inu malikisi amenewa ndi ofunika kawiri, chifukwa anthu osankha ophunzira ku Oxford kapena ku INSEAD mwina sadziwa kulemera kwa credit ya ku Bunda, ndipo GMAT ndi muyeso umene amakuyerekezerani ndi wofunsira wa ku India kapena wa ku Brazil.

Kuchokera ku Malawi kumakuthandizani, chifukwa sukuluzi zimafuna kalasi ya anthu osiyanasiyana ndipo ofunsira ochokera kuno ndi ochepa, koma pasipoti payokha siinalowetsepo munthu. Chimene chimalowetsa ndi nkhani yomveka. Makalata ambiri amene Amalawi amandionetsa amayamba ndi mawu oti dziko lathu ndi losauka ndipo wolembayo akufuna kulitukula, kenaka n'kudzaza tsamba ndi mayina a misonkhano imene anapitako. Owerenga makalatawa aona mawu otere kambirimbiri. Inu mulembe za koparetivu imodzi: inali ndi alimi angati pamene munaipeza, inkagulitsa matumba angati, munasintha chiyani, ndani anakutsutsani, munalakwitsa pati, ndipo lero ili pati. Kenaka munene kuti alimiwo atapita kubanki anabwezedwa chifukwa chakuti n'chakuti, ndipo inu mukufuna kukakhala mbali ina ya desikiyo muli ndi luso limene panopa mulibe, monga kuwerenga mabuku a ndalama a kampani ndi kuwerengera chiopsezo cha ngongole. Nkhani yotere imayankha yokha mafunso atatu amene amafunsidwa paliponse, akuti n'chifukwa chiyani MBA, n'chifukwa chiyani tsopano, ndipo n'chifukwa chiyani sukulu imeneyi. Pa makalata okuperekerani umboni, musathamangire kwa nduna, kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo kapena kwa abusa. Sukuluzi zimafuna bwana amene anakuyang'anirani tsiku ndi tsiku ndipo angatchule chimene munachita mwezi wakuti, ngakhale udindo wake utakhala wamba. Muwapatse miyezi iwiri, ndipo mukhale nawo pansi kuwakumbutsa ntchito zimene munagwira limodzi.

Sukulu zakunja zimalandira makalata m'magawo, loyamba cha mu Seputembala, lachiwiri cha mu Januwale, lachitatu cha mu Malichi kapena Epulo, ndipo wofuna thandizo la fizi asadikire gawo lachitatu chifukwa ndalama zimakhala zitagawidwa. Musanafunsire sukulu iliyonse, muwerenge lipoti lake la kumene omaliza maphunziro anapeza ntchito, ndipo mufufuze pa LinkedIn anthu awiri kapena atatu a ku Africa amene anaphunzirako akuchokera ku ntchito yofanana ndi yanu. Muwafunse funso limodzi lolunjika, lakuti ntchito imene ali nayo lero anaipeza kudzera mwa yani. Safunsa anadya phula.

Za ndalama ndiyankhula mosapita m'mbali chifukwa muli ndi ana. Pa mtengo wa kubanki, umene wakhala pafupifupi K1,750 pa dola imodzi kuyambira mu 2024, K14 miliyoni ndi madola pafupifupi 8,000, ndipo mukudziwa nokha kuti kupeza madolawo kubanki ndi nkhani ina. Tonse tikukumbukira Novembala 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali ndi ngongole ya ndalama zakunja pamene malipiro awo ali m'makwacha anadzuka ngongole yawo itakula ngati chiswe chamanga chulu usiku. Musatenge ngongole ya madola kapena ya mapaundi ngati cholinga chanu n'kudzalandira malipiro ku Malawi. Ndalama zimene mwasungazo si fizi, ndi chakudya, lendi ndi sukulu ya ana pa miyezi imene mungakhale opanda ntchito. Mungatapepo zochepa zolipirira GMAT, mayeso a Chingerezi a IELTS, SAQA ndi zofunsira malo, koma zotsalazo zikhale.

Ndikanakhala inu, miyezi 7 yatsalayi ndikanaigwiritsa ntchito motere. Choyamba ndikanayamba lero kufunsira ntchito zokhudza ngongole za ulimi m'mabanki, m'mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono, ku MAIIC, bungwe lobwereketsa ndalama zotukulira ulimi ndi mafakitale, ndi m'makampani ogula soya ndi mtedza, ngakhale udindo wake utaoneka wotsikirapo kuposa umene muli nawo, chifukwa kulowa m'nyumba n'kumene kumavuta, osati kusuntha mpando mutalowa. CV yanu muilembenso m'chinenero cha ndalama, kutchula kuchuluka kwa ndalama zimene magulu anu ankasunga ndi gawo la ngongole zimene zinkabwezedwa pa nthawi yake, m'malo mwa kuchuluka kwa maphunziro amene munachititsa. Mukalowa, MBA ya MUBAS kapena ya ESAMI, kapenanso ya ku Cape Town yopita ndi kubwerera, idzakhala ndi tanthauzo lenileni, ndipo mabwana ena amathandizako fizi. Uku mukutero, muziwerenga GMAT. Mukafika cha m'ma 635 kapena kuposa, mufunsire Oxford ndi gulu la Januwale la INSEAD pamodzi ndi thandizo lililonse limene ali nalo, ndipo mupite pokhapokha thandizolo litakwanira. Harvard ndi Stanford ndikanazichotsa pa pepala, osati chifukwa choti simukuyenera, koma chifukwa kalata iliyonse yofunsira malo yolembedwa bwino imadya milungu ingapo, ndipo mapanga awiri avumbwitsa, nanji asanu ndi awiri.

FUNSO

Alangizi, ndine mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina ku Mzimba, ndili ndi digiri ya zauphunzitsi ndipo ndaphunzitsa zaka 6. Ndimafuna nditakhala wowerengera ndalama pa kampani. Kodi MBA ingandifikitse kumeneko?

Mphunzitsi, Mzimba

YANKHO

Aphunzitsi, ayi, njira yanu si MBA. MBA imapatsa munthu pang'ono pa chilichonse, pang'ono za malonda, pang'ono za kuyang'anira antchito, pang'ono za ndalama, koma siipatsa munthu chilolezo chosainira mabuku a kampani. Olemba ntchito ya akawunti amafunsa ngati muli ndi ACCA, CIMA kapena mapepala a ICAM, limene ndi bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'dziko muno. Mayeso amenewa mungawalembe pang'onopang'ono mukuphunzitsabe, powerenga panokha kapena kudzera ku Malawi College of Accountancy, ndipo masamu anu adzakupeputsirani mapepala oyambirira. Mukumbukire kuti ACCA imalipiridwa m'mapaundi ndipo imafuna zaka zitatu za ntchito yeniyeni ya akawunti munthu asanakhale membala, choncho mukangokhoza mapepala angapo muyambe kufunafuna malo, ngakhale kuthandiza mabuku a SACCO ya aphunzitsi kapena a sukulu yanu yomweyo. MBA mudzaiganizire patsogolo, mukadzafuna kukhala mkulu woyang'anira zachuma.

FUNSO

Alangizi, ndine namwino wa zaka 41 ndipo ndikugwira ntchito ku Manchester. Ndikufuna kudzabwerera kumudzi kukayendetsa chipatala changa kapena kukhala mkulu woyang'anira chipatala. Pa Facebook ndikuona zotsatsa za MBA ya pa intaneti yotha m'miyezi 6, yopanda mayeso olowera, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri. Kodi ndilembetse, nanga msinkhu wanga sunapitirire?

Namwino, Manchester

YANKHO

Mayi, msinkhu wanu sunapitirire ngakhale pang'ono. M'makalasi a Executive MBA, imene ndi ya anthu amene ali kale pa maudindo, ndi a MBA ya pa intaneti, anthu a zaka za m'ma 40 ndi ambiri, ndipo zaka zanu za m'wodi, kugawa mashifiti, kuyang'anira mankhwala ndi kutonthoza abale a odwala, ndi utsogoleri umene sukulu zimauwerengera. Mwa onse amene alemba mwezi uno, inu ndi amene kusintha kwanu kuli kwachidule, chifukwa mukukhalabe m'zaumoyo ndipo mukungosuntha kuchoka pa bedi la wodwala kupita mu ofesi.

Koma zotsatsa mwaonazo muzisamale, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Funso loyamba kufunsa ndi lakuti dzina limene lidzalembedwe pa satifiketi ndi la yani, chifukwa nthawi zambiri amene akutsatsa ndi kampani yongogulitsa maphunziro, osati yunivesite. Ku England mungaone ngati sukulu ili m'kaundula wa Office for Students ndiponso ngati ili ndi mphamvu yopereka madigiri, kenaka muone pa masamba a AMBA, AACSB kapena EQUIS ngati dzina lake lilipo, osangokhulupirira zizindikiro zimene sukuluyo yaika pa tsamba lake. AMBA imafuna kuti wolowa MBA akhale atagwira ntchito zaka zosachepera zitatu, choncho malo amene akutenga aliyense wolipira osafunsa CV akukuuzani okha mtundu wa kalasi imene mudzakhalemo. Popeza mukufuna kudzagwiritsa ntchito pepalalo kuno, mulembere National Council for Higher Education ku Lilongwe musanalipire, muwafunse ngati angadzalizindikire, ndipo yankho lawo mulisunge.

MBA za pa intaneti zodalirika zilipo ku Britain komweko, monga za Warwick, Durham ndi Open University, ndipo zimatenga zaka ziwiri kapena kuposa chifukwa muli ntchito yeniyeni yoti muchite. Muyerekezenso ndi digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka zaumoyo, imene nthawi zambiri ndi yotsika mtengo ndipo imalowa mozama pa nkhani za bajeti ya chipatala, kagulidwe ka mankhwala ndi inshulansi ya odwala. Musanasankhe, mufunse abwana anu ngati pali ndondomeko yothandizira antchito kuphunzira za utsogoleri, ndipo mupemphe udindo woyang'anira wodi kapena kagulu ka anamwino chaka chino chomwe, kuti pofunsira malo mudzakhale ndi bajeti ndi anthu amene munawayang'anirapo oti muwatchule m'kalata yanu.